Mneni Wobwereka Mwini: Malangizo kwa Ophunzira Chingerezi

Ana anga amene mukukonzekera mayeso a MSCE, ndi inunso amene munamaliza sukulu koma mukulimbana ndi makalata ofunsira ntchito, pali kanthu kena m'Chingerezi kamene kamagwetsa anthu mwakachetechete. Kanthu kameneka ndi participle. Ndaona ana anzeru, oloweza matanthauzo onse a m'buku, akulemba ziganizo zonena zina pamene iwo ankafuna kunena zina, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti vutoli ndi lotheka kulithetsa. Mukudziwa kale kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi chotani. Choncho nkhaniyi musaisiyire aphunzitsi okha.

Participle ndi mneni amene wasiya ntchito yake ya masiku onse n'kuyamba kufotokoza dzina, monga achitira mfotokozi. Alipo amitundu iwiri. Wina amathera ndi -ing, monga mu "a crying child". Winayo kawirikawiri amathera ndi -ed, koma ena ali ndi mapangidwe awoawo: broken, written, taught, cut. Musachite nazo mantha ngati zachilendo, pakuti m'Chichewa timachita zomwezi tsiku lililonse. Kulira ndi mneni, koma tikati "mwana wolira" tamufotokoza mwanayo. Kusweka ndi mneni, koma "mphika wosweka" ndi mtundu wa mphika, womwewo umene Mngerezi amati "a broken pot". Mutu wanu unazolowera kale ntchitoyi musanalowe m'kalasi ya Sitandade 1.

Mayina amene mabuku anawapatsa, akuti present participle ndi past participle, asakusocheretseni. Sanena za nthawi. Mu "The crying child was taken home" mwanayo analira dzulo, ndipo mu "The broken chair will be repaired" mpandowo ukonzedwa mawa. Nthawi imanyamulidwa ndi mneni weniweni wa chiganizo. Chimene participle amatiuza n'chakuti kodi chinthucho chikuchita, kapena chachitidwa. Wa -ing ndi wochita, ndipo ntchito yake ili m'kati. Winayo kawirikawiri ndi wochitidwa, kapena ntchito yake inatha, monga "fallen leaves", masamba amene anagwa kale.

Apa ndi pamene pamachokera cholakwa chimene chawonongera achinyamata ambiri makalata awo. Munthu amalemba kuti "I am very interesting in this post", akufuna kunena kuti ntchitoyo akuifunitsitsa, koma wanena kuti iye ndi munthu wopatsa chidwi. Pa mawu onena za mmene munthu akumvera mumtima, Chichewa chikhoza kukupulumutsani. Taonani kusiyana kwa wotopa ndi wotopetsa, wodabwa ndi wodabwitsa, wokhumudwa ndi wokhumudwitsa. Wokhala ndi -tsa ndiye wa -ing: tiring, surprising, disappointing. Wopanda -tsa ndiye wa -ed: tired, surprised, disappointed. Musanalembe, dzifunseni m'Chichewa ngati mwatopa kapena mukutopetsa anzanu. Njirayi ndi ya mawu a zamumtima okha, musaikokere pa aneni onse.

Sikuti liwu lililonse lothera ndi -ing likugwira ntchito ya mfotokozi. Chizolowezi chimene ndikufuna mukhale nacho ndi ichi: mukapatsidwa chiganizo, yambani mwapeza mneni weniweni, amene wanyamula nthawi ndipo ali ndi mwininkhani wake. Mukaona is, are, was kapena were patsogolo pa liwu la -ing, monga mu "The girls are singing", dziwani kuti kawirikawiri mawu awiriwo amagwirizana kupanga mneni mmodzi. Liwu la -ing likaima pamalo pa dzina, monga mu "Swimming is dangerous here", limenelo ndi gerund, ndipo m'Chichewa limatuluka ndi ku-: kusambira. Pali pena pozembera. "A sleeping baby" ndi mwana wogona, koma "a sleeping mat" si mphasa yogona, ndi mphasa yogonera. "A walking stick" ndi ndodo yoyendera, pakuti ndodo siyenda. Pamene Chichewa chafuna kuwonjezera -era kapena -ira, mwakumana ndi gerund.

Mwina mukudabwa kuti bwanji Angerezi anasenzetsa kachidutswa kamodzi ntchito ziwiri. Kale sizinali choncho. M'Chingerezi chakale, cha zaka 1,000 zapitazo, participle ankathera ndi -ende, pamene dzina lochokera ku mneni linkathera ndi -ing kapena -ung. M'kupita kwa zaka ziwirizi zinasakanikirana m'kamwa mwa anthu. N'chifukwa chake Rodney Huddleston ndi Geoffrey Pullum, m'buku lawo lalikulu la 2002 lotchedwa The Cambridge Grammar of the English Language, anangoziphatikiza pansi pa dzina limodzi. Koma inu pa mayeso tsatirani mmene aphunzitsi anu akukuphunzitsirani, ndipo muzisiyanitse.

Participle payekha sangaimike chiganizo. "The women selling tomatoes at Lizulu" mpumiro. Wowerenga akudikirabe: azimayiwo atani? Mwina onjezani are patsogolo pa selling, mwina malizitsani nkhaniyo ndi mneni weniweni, monga "come very early". Gulu la mawu lakuti "selling tomatoes at Lizulu" ndilo participial phrase: participle pamodzi ndi mawu amene wawakoka. Pa phunziro la Chichewa munamva za kapandamneni, ndipo ili ndi gulu lotero, lopanda mneni wonyamula nthawi. Gulu lonselo likugwira ntchito imodzi, kutiuza kuti ndi azimayi ati. Ngati mukukayika, yesani kulowetsapo "who are" kapena "which was". Mu "The maize harvested in May is in the granary" mungathe kunena kuti "which was harvested in May", choncho harvested si mneni wa chiganizocho. Mneni ndi is.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani, ndipo apa ndikupemphani mudekhe, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. M'Chichewa timati, "Nditafika kunyumba, mvula inayamba kugwa." Chiganizochi n'chabwino, palibe angachitsutse. Chifukwa chake n'chakuti liwu lakuti nditafika lanyamula mwini wake, ndi- uja. Tikati atafika, titafika, utafika, aliyense akudziwa wofikayo. Mvula ikhoza kubwera pambuyo pake popanda chisokonezo. Participle wa Chingerezi alibe kachizindikiro kotere. Arriving sanena ngati wofikayo ndi ine, iwe kapena galu. Ali ngati nyemba zoyanga m'munda wa chimanga, zimene zimangogwira phesi lililonse loyandikana nalo. Akakhala kumayambiriro kwa chiganizo, amagwira mwininkhani amene wabwera mpatuliro ukangotha.

Ndiye wophunzira amaganiza m'Chichewa, n'kulemba m'chimangirizo chake kuti "Arriving home, the rain started to fall." M'mutu mwake ndi- uja akadalipo, akumumva. Papepala palibe. Wochonga amaona mvula ikufika kunyumba, amazunguliza mzere wofiira pa liwu loyambalo, n'kulemba mfunsiro m'mphepete. Mwanayo akalandira pepala amayang'ana kalembedwe ka arriving, kuwerenga ma r awiri aja, osapeza cholakwa, mpaka kuganiza kuti aphunzitsi akumuda. Mabuku amatcha cholakwachi dangling participle, ndipo si cha Amalawi okha. Eni chiyankhulo nawonso chimawagwetsa, moti William Strunk anaikapo lamulo lake m'kabuku ka The Elements of Style kalekale mu 1918. Koma ife tili ndi chifukwa chathu chapadera chogwera m'dzenjemo, ndipo mukachidziwa mwapeza kale theka la mankhwala.

Mankhwala ake ndi funso limodzi: akuchita zimenezi ndani? Ikani chala pa participle, funsani funsolo, kenaka yang'anani mwininkhani amene ali pambuyo pa mpatuliro. Yankho lanu ndi mwininkhani ameneyo zikhale chinthu chimodzi. Zikasiyana, mwina bweretsani wochitayo pamalo pake, "Arriving home, I saw that it had started to rain", mwina musiyeni participle n'kulemba nthambi yachiganizo yokhala ndi mwini wake, "When I arrived home, it started to rain." Njira yachiwiriyi ndiyo yofanana ndi nditafika wathu uja, ndipo ndi imene ndimalangiza kwambiri. Palibe wochonga amene angakuchotsereni malikisi chifukwa cholemba when, after kapena because.

M'makalata ofunsira ntchito ndi mmene vutoli limapweteka zedi, chifukwa kumeneko kulibe wokuzungulizirani mzere wofiira, kalatayo amangoiika pambali. Wachinyamata amafuna kumveka wophunzira, ndiye amayamba motere: "Having completed my diploma in accounting, your company is the best place for me." Funsani funso lija. Wamaliza diploma ndani? Monga mwa chiganizochi, ndi kampaniyo. Winanso amati, "Being a hardworking person, you will not regret employing me", ndipo kulimbikira ntchito kuja wakupereka kwa abwana amene akuwerenga. Lembani kuti "Having completed my diploma in accounting, I wish to apply", basi. Liwu laling'ono lakuti I likakhala pamalo pake, chiganizo chonse chimaima.

Samalaninso za malo. Gulu la participle likhale pafupi ndi dzina limene likufotokoza. "I saw a hippo crossing the bridge at Liwonde" akutanthauza kuti mvuu ndiyo inkawoloka pa mlatho. Ngati wowoloka munali inu, mvuu ili m'madzi a Shire, sunthani gululo libwere kumayambiriro: "Crossing the bridge at Liwonde, I saw a hippo."

Having ali ndi ntchito yake imene ambiri saidziwa. Amaonetsa kuti chinthu choyamba chinatha chachiwiri chisanayambe, monga -ta- wa mu atatseka. Wa -ing yekha amaonetsa zochitikira pamodzi, monga -ku- wa mu akuimba. "Singing softly, she walked to the borehole" ali bwino, pakuti munthu amatha kuyenda akuimba. Koma sangayende ulendo wa kumjigo uku akukhoma chitseko cha nyumba, choncho pamenepo pafunika "Having locked the door, she walked to the borehole."

Za mpatuliro ndinene mwachidule. Gulu likakhala kumayambiriro, ikani mpatuliro pambuyo pake. Likakhala pakati, dzifunseni ngati likusankha kapena likungowonjezera. "The pupils wearing uniforms may enter" akusankha ovala yunifolomu okha, enawo atsale panja, ndipo safuna mpatuliro. "The pupils, wearing uniforms, entered the hall" akunena kuti onse anavala, ndipo mipatuliro iwiriyo ndi imene yatiuza zimenezo.

Pali gawo limodzi limene nzeru sizingakuthandizeni, koma kuloweza basi. Chingerezi chili ndi aneni pafupifupi 200 osatsata lamulo la -ed, ndipo dikishonale yabwino, monga Oxford Advanced Learner's Dictionary, imawaonetsa onse: go, went, gone; write, wrote, written; bite, bit, bitten. Ambiri amaloweza awiri oyamba n'kunyalanyaza wachitatu, pamene wachitatuyo ndiye participle, amene amatsatira have, has, had ndi was. Apa ndi pochokera "I have went" ndi "the letter was wrote". Tengani asanu patsiku, muwatchule mokweza popita kusukulu, ndipo aliyense mumupangire chiganizo chanuchanu chokhala ndi have. Samalani ndi ofanana mamvekedwe: beaten ndi womenyedwa, bitten ndi wolumidwa, ndipo kuchipatala kusiyana kumeneku n'kofunika.

Mukamawerenga mudzakumana ndi magulu ena ooneka ngati aswa lamulo lija, monga "generally speaking", "judging by his face" ndi "considering the price". Amenewa anazolowereka kuima okha, musalimbane nawo. Ena amabwera ndi mwini wawo, monga "God willing" ndi "weather permitting", choncho sabwereka kwa wina aliyense.

Poyeserera simufunika buku lodula. Tengani nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times, ngakhale yakale imene anakulungiramo zinthu kumsika, muyang'ane mitu ya nkhani. Atolankhani amakonda kuchotsa was ndi were kuti asunge malo, ndiye mitu yambiri imatsala ndi participle yekha. Mukaona mutu wonga "Three arrested over theft", bwezeranipo liwu lochotsedwalo, muone kuti atatuwo ndi omangidwa, si omanga. Kenaka lowani m'nkhaniyo ndi pensulo, muzunguze liwu lililonse la -ing ndi la -ed, ndipo kuchokera pa lililonse mujambule kamuvi kopita ku dzina limene likufotokozedwa. Kamuvi kakasowa kopita, onani ngati ndi gerund kapena mbali ya mneni weniweni. Ngati si zimenezo, mwagwira cholakwa, ndipo chikonzeni m'mphepete mwa pepalalo. Mukazolowera pa zolemba za ena, chitani chimodzimodzi pa chimangirizo chanu musanachipereke, makamaka pa chiganizo chilichonse chimene mwachiyamba ndi -ing kapena having.