Mpira wanga ukungothawira kumanja, ndimvere ndani?

FUNSO

A mphunzitsi, ndine bambo wa zaka 48 ndipo ndinayamba gofu chaka chatha, anzanga a kuntchito atandikokera. Ndimamenyera kudzanja lamanja. Pokweza ndodo anthu amati ndili bwino, koma potsitsa ndi pamene zimasokonekera. Ndikatenga driver, mpira umanyamuka cha kumanzere pang'ono, kenako n'kukhota kukagwera m'tchire la kumanja. Ndikatenga iron, ndodo imayamba yakumba pansi isanafike pampira, ndipo ndi mmene nthaka yaumira nyengo inoyi, mikono imachita kunjenjemera. Mnzanga wina akuti ndisamadzutse mutu. Wina akuti ndiziloza kumanzere kuti mpira ukakhota uzigwera pakati. Kadi wanga amangoti ndikufulumira. Tsopano ndikuganiza zogula driver yatsopano. Ndimvere ndani?

Wosewera watsopano, Blantyre

YANKHO

Bambo, mverani kadi wanuyo, ndipo ndalama ya driver yatsopano muyambe mwaisunga. Iye amaima pambuyo panu bowo lililonse, ndiye amaona zimene inu simungaone. Kungoti sanakuuzeni chimene chikufulumiracho. Si thupi lonse ayi. Ndi mapewa ndi manja anu.

Mavuto awiri mwatchulawo ndi a pamtundu umodzi. Ndodo ikafika pamwamba, mtima wanu umakhala uli kale pampira, choncho phewa lamanja ndi limene limayamba ulendo. Limakankhira ndodo kunja, kutali ndi thupi, ndipo kuti ipeze mpira iyenera kubwerera modutsa, kuchokera kunja kulowa m'kati, cha kumanzere kwanu. Nkhope ya ndodo ikakhala yotsegukira kumanja poyerekeza ndi njira imene ndodoyo ikudzera, mpira umapota n'kukhotera kumanja. Ndi chimene osewera amati slice. Nthawi yomweyo thupi lanu limatsalira pa mwendo wamanja ndipo manja amawongoka msanga, ndiye ndodo imafika pansi penipeni mpira ukadali patsogolo. Apo ndi pamene iron ikukumbira.

Kutsitsa ndodo sikutenga ngakhale theka la sekondi. Palibe munthu amene angawongole manja ake m'kanthawi kotero mwa kuganiza. Chimene mungathe kusankha ndi chiwalo chimene chiyambe kuyenda, ndipo chiwalo chimenecho ndi phazi lamanzere. Kumbukirani mmene munkagendera mango muli mwana. Phazi linkayamba laponda kutsogolo, chiuno n'kutembenuka, chifuwa n'kutsatira, dzanja ndi mwala n'kubwera pomalizira. Munkapanda kutero mwalawo sunkafika ngakhale pa nthambi yoyamba. Gofu amafuna ndondomeko yomweyo: phazi, chiuno, chifuwa, mikono, ndodo pambuyo pa zonse. Osewera odziwa amayamba kupondera kumanzere ndodo isanamalize n'komwe kukwera.

Ben Hogan, m'buku lake la mu 1957 lotchedwa Five Lessons, anaphunzitsa kuti chiuno ndi chimene chimayambitsa kutsika kwa ndodo. N'zoona, koma inuyo muchenjere nalo langizo limeneli. Vuto la Hogan linali losiyana ndi lanu, chifukwa mpira wake unkakonda kukhotera kumanzere. Munthu wa slice akangomva kuti tembenuzani chiuno, amazungulira pamalo amodzi thupi lili pa mwendo wamanja, phewa n'kutsatira pomwepo, slice n'kukula. Kwa inu ndimakonda kwambiri zimene ankaphunzitsa Harvey Penick wa ku Austin, Texas, mphunzitsi wa Ben Crenshaw ndi Tom Kite, m'buku lake la Little Red Book la mu 1992. Iye ankati kulemera kwa thupi kubwerere pa phazi lamanzere pa nthawi imodzimodziyo imene chigongono chamanja chikutsikira m'mbali mwa thupi. Yesani panopa opanda mpira. Mukaponda kumanzere msana ukadayang'ana kumene mukufuna mpira upite, mumva mikono ikugwa yokha, chigongono chikuyandikira nthiti. Ndodo yatsikira m'kati, osati kunja. Chiuno chitembenuke pambuyo pa kupondako.

Kuti thupi lizolowere, tengani 7-iron, muike mpira pa tee yaifupi. Imani monga mwa masiku onse, kenako kokerani phazi lamanzere pafupi ndi lamanja. Kwezani ndodo, ndipo isanafike pamwamba penipeni, bwezerani phazi lamanzere pamalo pake, muponde, kenako mumenye. Mipira yoyamba muiphonya kapena kuipala pamwamba, musataye mtima. Menyani ndi theka la mphamvu zanu. Pomaliza muime pa mwendo wamanzere, lamba wanu atayang'ana kutsogolo, phazi lamanja litaima ndi zala zokha, ndipo mukhale choncho mpaka mpira utagwa. Mukamadzandira kubwerera m'mbuyo, dziwani kuti simunachoke kumanja. Gary Player wa ku South Africa, amene anapambana zikho zikuluzikulu 9, amadziwika ndi kuponya phazi lamanja kutsogolo akangomenya, ngati wayamba kuyenda kutsatira mpira. Mungamutsanzire pophunzira.

Za kukumbazo, jambulani mzere pansi ndi tee, muime ngati mzerewo ndi mpira, muzimenya popanda mpira. Cholinga n'chakuti ndodo ipale udzu kuyambira pamzere kupita kutsogolo, osati kumbuyo kwake. Iron yomenyedwa bwino imakhudza mpira poyamba, nthaka pambuyo. M'miyezi ya September ndi October nthaka ya kwathu kuno siikhululuka: pa udzu wofewa wa dzinja ndodo imatha kutsetsereka n'kupezabe mpira, koma pouma imadumpha n'kuumenya pamimba. Musadandaule nazo, chifukwa nthaka youma ikuuzani zoona mwamsanga kuposa mnzanu aliyense. Mungathenso kuika chovindikira cha driver pansi, kunja kwa mpira ndi kumbuyo pang'ono. Ndodo ikachokera kunja ichimenya.

Ndi driver ndondomeko ndi yomweyi, kungoti mpira ukhale moyang'anizana ndi chidendene chamanzere ndipo mutu wanu utsalire kumbuyo kwa mpira pomenya.

Tsopano anzanu aja. Woti muziloza kumanzere akukuthandizani lero n'kukuphani mawa. Mukaloza kumanzere mapewa amatseguka, ndodo imadutsa mpira mopingasa kuposa kale, mpira n'kukhota kwambiri, inu n'kulozanso kumanzere koposa. Alipo anthu amene asewera zaka zambiri atakodwa m'msampha umenewu. Goneketsani ndodo ina pansi moloza kumene mukufuna, mapazi ndi mapewa zikhale motsatana nayo. Woti musadzutse mutu nayenso sindigwirizana naye. Mutu ukaumirizidwa pansi, chifuwa chimalephera kutembenuka ndipo thupi limatsalira kumanja komwe tikufuna lichokeko. Annika Sörenstam wa ku Sweden ankatembenuza mutu kutsatira kumene mpira ukupita ndodo isanathe n'komwe kumenya, koma anapambana zikho zikuluzikulu 10 ndipo mu 2001 anamaliza mabowo 18 ndi mikwapulo 59 yokha. Maso ayang'ane mpira, khosi likhale lomasuka.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi chimene chimabweza anthu ambiri m'mbuyo. Njira ya ndodo ikayamba kuwongoka, mpira wanu ungayambe kunyamuka molunjika kumanja, mwina kuposa kale. Musaganize kuti mwawononga. Kumene mpira umayambira kumadalira kwambiri kumene nkhope ya ndodo yayang'ana, ndipo yanu inazolowera kukhala yotseguka. Apa yang'anani kagwiridwe. Tembenuzirani dzanja lamanzere kumanja pang'ono pa chogwirira, kuti mukayang'ana pansi muone mfundo ziwiri kapena zitatu za zala zake, ndipo musafinye ndodo mpaka mitsempha kutuluka. Nkhopeyo iyamba kutseka yokha.

Pa msinkhu wanu musayambe ndi driver mutangotsika m'galimoto. Yambani ndi ndodo zazifupi, mwapang'onopang'ono, thupi litenthe. Msana wam'munsi ukamapweteka mukamaliza kusewera, kaonaneni ndi dokotala musanapitirize.

Zonsezi muziyesere pamalo ophunzirira, osati pa mpikisano wa Loweruka. Pabwalo tengani ganizo limodzi lokha, loti phazi lamanzere liyambe. Mupatseni kadi wanu foni, aime kumbuyo kwanu moyang'ana kumene mpira ukupita, akujambuleni vidiyo lero, adzakujambuleninso pakatha mwezi. Mukaona kuti ndodo ikutsikabe kunja kwa njira imene inakwerera, mundilemberenso, bambo, ndipo munene kumene mpira ukunyamukira ndi kumene ukugwera.