Mlendo Wozizidwa pa Mphete ya Benzene

Mwezi wa July, pamene cisanu ca kuno ku Dedza cinafika poluma zala, ndinagwidwa ndi cimfine ndipo mutu unandiwawa kwambiri. Anandipatsa timibulu tiwiri ta Panado, ndipo pa bokosi lace ndinawerengapo dzina lakuti paracetamol. Nditacira ndinafunsa aphunzitsi athu a sayansi tanthauzo la "para" ameneyu. Zimene anandiuza ndifuna ndikugawireniko, anzanga.

Tiyambe ndi benzene, amene Michael Faraday anamtulukira m'caka ca 1825. M'caka ca 1865 August Kekulé anafotokoza kuti maatomu ace asanu ndi limodzi a carbon akhala mozungulira ngati mphete, lirilonse ndi hydrogen wace. Taganizani anthu asanu ndi mmodzi alikuotha moto umodzi. Motowo ndiwo maelekitironi amene onse agawana, ndipo ndiwo alimbitsa mpheteyo.

Tsono pafika mlendo wozizidwa, wosowa maelekitironi, amene anzeru amucha electrophile. Citsanzo ndiye NO2+, amene apangika posakaniza nitric acid ndi sulphuric acid. Iyeyu agwira carbon mmodzi, mphete nisokonezeka kanthawi. Koma hydrogen wa pamenepo acoka, moto nuyakanso monga kale. Mlendo sanaonjezere mpando ai, wangolowa m'malo mwa wina.

Nanga ngati pa mphete pali kale mlendo, waciwiri akhala pati? Monga mkamwini sadzisankhira yekha pomanga nyumba, woyambayo ndiye aloza malo. Mpando wa woyamba tiuche 1. Mipando 2 ndi 6 ndiyo ortho, 3 ndi 5 ndiyo meta, ndipo 4, wopenyana naye, ndiwo para.

OH wa mu phenol ngwopatsa. Akankhira maelekitironi ace mu mphete, makamaka pa 2, 4 ndi 6. Cotero phenol alandira mlendo msanga, ngakhale nitric acid akhale wothira madzi, osatenthetsa konse. Koma NO2 ngwaumbombo. Akoka maelekitironi, koposa pa 2, 4 ndi 6 pomwepo. Waciwiri alowa movutikira, pafunika asidi waukali ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 100, ndipo akhala pa meta pamene patsala kamoto pang'ono. Chlorine ndiye ndinacedwa kumumvetsa: akoka maelekitironi nacedwetsa alendo, komabe awalozera ku ortho ndi para, cifukwa mlendo akagwira pamenepo iye abwereketsako maelekitironi ace kucirikiza mphete.

Tibwerere ku Panado uja. Njira imodzi yopangira paracetamol iyamba ndi phenol. NO2 alowa pa ortho kapena pa para. Apatula wa para, asandutsa NO2 kukhala NH2, nalumikizapo acetyl. Ndiko kumene kucokera "para" wa pa bokosi. OH akadakhala woloza ku meta, njira imeneyi sikadatipatsa mankhwalawa.

Pomaliza ndikucenjezeni ziwiri. Maasidi amenewa aocha khungu, musawakhudze popanda aphunzitsi. Ndiponso Panado wopitirira muyeso aononga ciwindi, ngakhale mutu uwawe cotani. Ine tsopano ndikaona funso la mphete sindiyamba ndaloweza mayankho. Ndiyamba ndafunsa kuti, wakhala kale pamotoyu ngwopatsa kodi kapena ngwaumbombo?

Mnyamata wa Form IV