Kodi Mkaidi Angathe Kuchita Pangano Lovomerezeka ndi Malamulo?

Tiyerekeze kuti bambo wina ali kundende ya Maula. Kumudzi anasiya ng'ombe ziwiri ndi nyumba yamalata. Mkazi wake akufuna kuika munthu walendi m'nyumbamo kuti apeze fizi ya ana, koma achimwene ake a bamboyo agulitsa kale ng'ombe imodzi, ati munthu wa kundende alibe mau. Kodi akunena zoona?

Iyayi. Khoti likalamula kuti munthu akakhale kundende, limamlanda ufulu woyenda momwe afunira, osati umunthu wake kapena katundu wake, pokhapokha khotilo litalamulanso za katunduyo. Malamulo oyendetsera dziko lino a chaka cha 1994, gawo 28, akuti aliyense angathe kukhala ndi katundu ndipo asalandidwe mwachisawawa. Gawo 41 likuti aliyense ndi munthu pamaso pa malamulo. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, Bwalo Lalikulu linatsimikiza kuti akaidi ali nawobe maufulu achibadwidwe.

Tsono mkaidi wamkulu msinkhu ndi wamutu wabwino angathe kugulitsa, kubwereketsa kapena kuchititsa lendi zinthu zake. Vuto ndi lakuti sangapite yekha kumsika. Njira yake ndi kulemba kalata yopatsa mphamvu munthu amene amamkhulupirira, kutchula bwinobwino chinthu chake ndi mtengo wake, ndi kusaina pamaso pa mboni, potsata malamulo a ndendeyo. Pa nkhani ya nyumba kapena malo, funsani kaye loya kapena a Legal Aid Bureau. Gawo 42 limalola mkaidi kukambirana ndi loya mwachinsinsi, ndiponso kuyenderedwa ndi abale ndi mtsogoleri wa mpingo wake.

Koma tichenjere apa. Pangano lenileni limafuna kuvomera mwaufulu, monga timaphunzitsira a chikwati. Munthu amene wagona ndi njala mchipinda chothithikana angathe kupereka ng'ombe pa mtengo wa mbuzi, ena atamlonjeza kuti “tikutulutsani msanga”. Pangano lochita moopsezedwa kapena monamizidwa, khoti lingathe kulithetsa. Ine ndimaona kuti amene amachita zotere kawirikawiri si alendo, koma abale enieni.

Zokambirana mu mphakati: Kodi m'dera lathu muli mabanja amene wina wao ali kundende? Katundu wake akusunga ndani, ndipo mwiniwake anafunsidwa?