Kanema M'kati mwa Kanema: Kuonetsa Gombe la Dzana ndi la Lero Pamodzi

Mu Epulo 2024 madzi a m'nyanja ya Malawi anakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja ya mchere. Ku Senga Bay, monganso m'madera ena a ku Mangochi ndi Nkhotakota, mchenga umene asodzi ankayanikapo makoka unamira, ndipo madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ena ogona alendo. Anthu ambiri anajambula zimenezi pa mafoni awo. Komabe kanema wa madzi okhaokha sanena zambiri kwa munthu amene sanapondeko pagombelo, pakuti aliyense amadziwa kuti m'nyanja mumakhala madzi. Komiti ya BVC kapena ya ADC imene ikufuna kuti khonsolo imvetse kukula kwa vutolo iyenera kuonetsa malo omwewo asanamire ndiponso atamira, zonse pa nthawi imodzi. Njira yake ndiyo kuika kanema wamng'ono pamwamba pa wamkulu, luso limene pa Chingerezi amati picture-in-picture.

Choyamba kumvetsa ndi kasanjidwe ka mizere. Mapulogalamu ambiri okonzera makanema ali ndi mizere yopingasa pamene amayalapo zidutswa za kanema, ndipo lamulo lake ndi limodzi: za pamzere wapamwamba zimabisa za pamzere wapansi, monga mmene mphasa yoyala pamwamba pa inzake imabisira yapansiyo. Mu Adobe Premiere Pro ndi DaVinci Resolve mizereyi imatchedwa V1, V2, V3 kukwera m'mwamba. Kanema wamkulu amakhala pa V1, ndipo wofuna kuchepetsedwa amakhala pa V2. Pa foni, CapCut imachita zomwezo kudzera pa batani la Overlay, pomwe KineMaster imagwiritsa ntchito la Layer. Wophunzira akangoika kanema wachiwiri, woyamba uja amazimiririka, ndipo ena amayamba kuda nkhawa kuti wafufutika. Sanafufutike ayi, wangophimbidwa, ndipo aonekeranso wapamwambayo akachepetsedwa.

Pa kuchepetsa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Kanema wa Full HD amakhala ndi timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi. Wokonza akatsitsa Scale kufika pa 50 peresenti, angaganize kuti kanemayo atenga theka la sikirini. Zoona zake n'zakuti litali ndi lifupi zonse zachepa ndi theka, kukhala 960 ndi 540, choncho malo amene kanemayo watenga ndi gawo limodzi mwa magawo 4. Akatsitsa kufika pa 33 peresenti, kanema amatsala pafupifupi 640 ndi 360, ndilo gawo limodzi mwa magawo 9. Pa 25 peresenti ndi gawo limodzi mwa 16, kachinthu konga sitampa ya pa kalata. Pa sikirini ya kompyuta ya mu ofesi kamaoneka bwino ndithu, koma anthu ambiri a ku Chipoka kapena ku Lifuwu adzaonera kanemayo pa foni, atadutsa pa WhatsApp imene imafinya makanema n'kuwachotsera kuwala kwa tinthu ting'onoting'ono. N'chifukwa chake pa kanema woonetsa umboni si bwino kutsika pansi pa 35 kapena 40 peresenti. Malo osinthira kukulaku mu Premiere Pro ali pa Effect Controls, mu DaVinci Resolve ali pa Zoom mu Inspector, ndipo mu Shotcut, pulogalamu yaulere, ali pa filter ya Size, Position & Rotate. Pa foni zala ziwiri ndizo zimagwira ntchitoyi.

Wochepetsa ndi mbewa ya kompyuta agwire pangodya ya kanema, litali ndi lifupi zitamangidwa pamodzi kuti zichepere limodzi. Akakoka mbali imodzi yokha, bwato limafupika ngati mtondo ndipo nkhope ya mfumu imatalika. Ngati kanemayo ali ndi thambo lochuluka kapena mchenga wopanda ntchito, mankhwala ake ndi kudula m'mbali pogwiritsa ntchito Crop, osati kufinya. Izi zimathandizanso pa kanema wojambulidwa foni itaimirira, wa 9:16, amene amasiya mipata yakuda akaikidwa yekha pa sikirini yopingasa ya 16:9, koma amakhala bwino kwambiri ngati kawindo kakatali kumbali.

Funso lakuti wamkulu akhale uti silovuta. Chimene komiti ikupempha kuti chionedwe ndicho chitenge sikirini yonse, ndipo kanema wakale akhale m'kawindo. Kawindoko kaikidwe pamene palibe nkhani, kawirikawiri pathambo, kumtunda chakumanja kapena chakumanzere. Kukaika pamzere pamene madzi akumana ndi mtunda ndiko kuphimba umboni weniweniwo. Kasagunde m'mphepete mwa sikirini, ndipo pansi penipeni papewedwe chifukwa Facebook ndi TikTok zimaikapo mawu ndi mabatani awo. Popeza makanema onse awiri ndi a madzi ndi thambo, mitundu yake imasakanikirana mosavuta, motero kamzere koyera kozungulira kawindo kamathandiza diso kusiyanitsa.

Pamwamba pa ziwirizi, pa V3, pamabwera mawu olembedwa, makamaka mwezi ndi chaka cha kanema aliyense. Ameneyu si mzere wokongoletsera. Madzi a m'nyanja ya Malawi amakwera ndi kutsika chaka chilichonse: amafika pachimake cha m'ma Epulo ndi Meyi mvula itatha, n'kutsika mpaka cha m'ma Novembala ndi Disembala. Munthu woyerekeza gombe la Novembala ndi la Epulo adzaonetsa kusiyana kwakukulu ngakhale m'chaka chimene sikunachitike chachilendo, ndipo katswiri wa za madzi ku khonsolo adzazindikira msanga n'kukayikira lipoti lonse. Makanema oyerekezedwa akhale a mwezi umodzi m'zaka zosiyana, ojambulidwa wojambula ataima pamalo amodzi, ndipo m'zithunzi zonse muoneke chizindikiro chosasuntha monga mtengo, thanthwe kapena chilumba cha Namalenje chapatali. Chizindikirocho chisadulidwe pochita Crop.

Kawindo kena kofunika ndi ka womasulira m'chinenero cha manja, monga amaonekera pa nkhani za pa wailesi ya kanema. Iyeyu akhale pamzere wapamwamba kuposa yonse kuti mawu olembedwa kapena chizindikiro cha khonsolo zisamuphimbe manja. Bungwe la Ofcom, loyang'anira nyumba zoulutsa mawu ku Britain, linalangiza kuti womasulira asachepere gawo limodzi mwa magawo 6 a sikirini. Pa kawindo ka 16:9 zimenezi zikutanthauza Scale ya pafupifupi 41 peresenti, yokulirapo kuposa mmene okonza ambiri amafunira. Koma womasulira amene zala zake sizikuoneka sathandiza munthu wosamva, angotseka malo. Ngati kanema akufuna womasulira komanso kawindo ka gombe lakale, n'kwabwino kuti gombe lakalelo lionekere kwa masekondi 8 kapena 10 okha n'kuchoka, kusiyana ndi kudzaza sikirini ndi mawindo atatu.

Mawu samvera lamulo la mphasa lija. Kanema wapamwamba amabisa chithunzi cha wapansi koma mawu onse amamveka pamodzi, choncho phokoso la mafunde ndi mphepo ya mwera ya m'kawindo lizimitsidwe kuti mawu a wapampando wa komiti amveke.

Asanatumize kanemayo ku ofesi ya DC, wokonza adzitumizire yekha pa WhatsApp, autsegule pa foni yaing'ono panja dzuwa likuwala, ndipo aone ngati mwezi, chaka ndi mtengo wa chizindikiro uja zikuonekabe m'kawindo.