Tiyambire mu Mphika: Kusankha Giyabokosi ya Makina Osakanizira Chakudya

Aliyense wa ife amene anagwirako mthiko pa mphika wa nsima ya zinkhoswe amadziwa kuti phala silivuta. Ntchito imayamba ufa womaliza ukathiridwa, pamene mthiko ulemera ndipo mapewa ayamba kuwawa. Makina nawonso amakumana ndi zomwezo, ndipo chimene chimamva kulemerako ndi giyabokosi.

Kuno ku Domasi nkhaniyi siyachilendo. Ku Domasi College of Education ndi m'sukulu zogonera komweko za m'chigwa muno, anthu ambirimbiri amadya pa nthawi imodzi. Ku National Aquaculture Centre kuli maiwe a makumba, chilunguni ndi milamba, ndipo chakudya cha nsomba chimafuna kusakaniza madeya, soya ndi zina. Palinso ophika buledi amene amakanda ufa usiku. Ena a ife tikamaliza maphunziro tidzakhala m'makomiti ogula katundu a malo ngati amenewa. Tikadzasankha molakwa, ndalama zidzapita, ana adzagona ndi njala, kapenanso oyilo adzadonthera m'chakudya.

Chifukwa chake giyabokosi imafunika

Magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz, ndipo mota wamba wa mapolo anayi amazungulira pafupifupi ka 1,450 pa mphindi. Mthiko wa makina utathamanga choncho, ufa wonse ungathere kudenga. Chosakaniza cholimba chimafuna ka 30 mpaka 60 pa mphindi. Giyabokosi imachepetsa liwiro n'kuchulukitsa mphamvu yopotokola, imene amisiri amaitcha torque ndipo amaiyeza m'ma Nm.

Mtundu umene tikuphunzira lero umatchedwa worm gear, chifukwa mbali yake imodzi ndi chitsulo cha mazinga ngati bawuti, chooneka ngati nyongolotsi. Chitsulochi chimatembenuza gudumu la mano, lomwe kawirikawiri limakhala la mkuwa wosakaniza ndi tini. Ngati mzere wa mazinga ndi umodzi ndipo gudumu lili ndi mano 50, bawutiyo ayenera kuzungulira ka 50 kuti gudumu lizungulire kamodzi. Pa kachitsulo ka giyabokosi amalemba kuti 50:1.

Anthu amaikonda chifukwa ndi yaing'ono, siichita phokoso, ndi yotsikirako mtengo, ndipo shafuti yake imatuluka mopingasa ndi ya mota, choncho mota amatha kugona pamwamba pamene mthiko waloza mumphika. Koma ili ndi chilema. Mazinga ake amakhuza mano a gudumu m'malo mogubuduzika pa iwo, ndipo kukhuzanako kumabala kutentha. Ya 50:1 imafikitsa ku mthiko magawo 60 mpaka 70 okha pa 100 alionse a mphamvu ya mota.

Tiwerengere limodzi

Cholakwa chofala ndi kuyambira m'sitolo: kupeza mota wotchipa, kenako n'kufunafuna giyabokosi yokwana pa motayo. Tiyenera kuyambira mumphika n'kumabwerera m'mbuyo.

Tiyerekeze kuti gulu la alimi a nsomba likufuna makina osakanizira madeya ndi soya wonyowetsedwa. Mmisiri wawo wawerengera kuti mthiko ukufuna 250 Nm chosakanizacho chikalimba, pa liwiro la pafupifupi ka 30 pa mphindi.

Choyamba, tigawe 1,450 ndi 30. Tipeza 48 ndi kanthu pang'ono. Yapafupi imene imagulitsidwa ndi 50:1, ndipo itipatsa ka 29 pa mphindi.

Chachiwiri, tisagule giyabokosi ya 250 Nm ndendende. Opanga amatiuza kuti tichulukitse ndi nambala yotchedwa service factor, yomwe imakula malinga ndi maola a ntchito pa tsiku, kulemera kwa katundu, ndi kuchuluka kwa kuyatsa ndi kuzimitsa. Chosakaniza chimene chimayamba chofewa n'kumalimba chimafuna 1.5 kapena kuposerapo. Tikachulukitsa 250 ndi 1.5 tipeza 375 Nm. Iyi ndiye nambala yokafunsa m'sitolo.

Chachitatu, tipeze mota. Tichulukitse 250 ndi 29, tigawe ndi 9,550. Tipeza 0.76 kW, yomwe ndi mphamvu yofunika pa mthiko. Popeza giyabokosi ikufikitsa magawo 65 okha, tigawe 0.76 ndi 0.65, tipeza 1.17 kW. Mota woyandikira pamwamba pake ndi wa 1.5 kW.

Tionenso chimene chatsala. Pakati pa 1.17 ndi 0.76 pali mawati pafupifupi 400 amene akusanduka kutentha m'kabokosi kakang'ono. M'mwezi wa October, m'khitchini ya malata ya m'chigwa cha Chilwa, giyabokosi yotere ikasowa mpweya imatentha mpaka oyilo wake kupyapyala, ndipo mano a mkuwa amayamba kudyeka. Ngati makina azigwira ntchito usana ndi usiku, tiganizireko giyabokosi ya mtundu wa helical bevel, yomwe imafikitsa magawo oposa 90. Ndi yodula pogula, koma siidya mayunitsi ambiri. Pa ntchito ya maola ochepa pa tsiku, worm gear ndi yokwanira.

Magetsi akazima

Buku la wopanga wa ku Italy kapena ku China silidziwa kuti kwathu kuno magetsi amatha kuzima mphika uli pakati. Akabwera patapita ola, nsima kapena ufa wa buledi umakhala utagwira mthiko ngati dothi la katondo. Wophika akangodina batani, mota amakankha ndi mphamvu yoposa kawiri ya nthawi zonse, ndipo yonseyo imathera pa mano ochepa a mkuwa. Apa m'pamene magiyabokosi ambiri amafera.

Tichite zitatu. Tiike chozimitsa mota akalemedwa, chotchedwa overload relay, ndipo tisalole wina kuchilumikiza mozemba chifukwa choti "chikumangodula". Tiike siwichi yoti magetsi akabwera makina asayambe okha. Ndipo tiphunzitse ophika kuti aziyamba achepetsa za mumphika asanayatsenso.

Pali chinanso chokhudza moyo. Giyabokosi ya 50:1 siilola kuti tipotokole mthiko ndi manja, ndipo ena amaganiza kuti imeneyo ndi buleki. Si buleki ayi. Komanso mphamvu ya 250 Nm siingaime chifukwa cha mkono wa munthu. Mphika ukhale ndi chotchinga, ndipo potsuka tizimitse magetsi ku siwichi yaikulu.

Oyilo ndi chakudya

Pa makina ambiri giyabokosi imakhala pamwamba penipeni pa mphika, shafuti italoza pansi. Pakati pa oyilo ndi chakudya pali kamphira kamodzi kotchedwa silo. Kamphirako kakatha, oyilo amatsika ndi shafuti osaoneka. Choncho pogula tinene momveka kuti giyabokosiyo idzaima choloza pansi, chifukwa muyeso wa oyilo ndi malo a kabowo kopumira zimasintha malinga ndi kaimidwe kake. Tipemphe masilo awiri, ndipo mmisiri aike kambale kotchinga pansi pake.

Oyilo akhale wololedwa pa makina a chakudya, amene pa chigubu chake pamalembedwa kuti NSF H1. Kulimba kwake kumakhala ISO VG 320 kapena 460, malinga ndi buku la wopanga. Tisathire oyilo wa injini ya galimoto. Ena a magiya a galimoto ali ndi safa amene amadya mkuwa akatentha. Tisasakanizenso oyilo wa mitundu iwiri, pakuti ena sagwirizana. Amene tikufuna kugulitsa zakudya zathu ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards tidziwe kuti ukhondo wa makina ndi mbali ya zimene amayendera.

Popeza makinawa amatsukidwa tsiku ndi tsiku, mota akhale wa IP55 kapena kuposa, ndipo tisalozetse paipi ya madzi pa silo kapena pa kabowo kopumira. Oyilo akasanduka ngati mkaka, ndiye kuti madzi alowa. Akamaoneka tinthu tonyezimira ngati golide, ndiye kuti gudumu likudyeka.

Tisanalipire

Tifunse wogulitsa ngati masilo ndi maberingi a saizi imeneyo amapezeka ku Limbe kapena ku Blantyre. Magiyabokosi ambiri amabwera m'masaizi odziwika monga 63, 75, 90 ndi 110, ndipo nambalayi ndi mamilimita a pakati pa mashafuti awiri. Saizi yodziwika imasinthika msanga, pamene yachilendo ingatidikiritse miyezi. Tikopere zonse zolembedwa pa kachitsulo kake m'buku la komiti, chifukwa patapita zaka kachitsuloko kamafufutika ndipo amene anagula amakhala atasamuka.

Zoti tikambirane m'magulu

1. Wophika buledi akufuna ka 48 pa mphindi ndipo mota wake ndi wa 1,450. Asankhe giyabokosi yanji?

2. Komiti yapeza ya 280 Nm yotchipa ndi theka poyerekeza ndi ya 375 Nm ya m'chitsanzo chathu. Tingamufotokozere bwanji msungichuma?

3. Sabata ino tikayendere khitchini, bekale kapena chigayo chapafupi. Tikapemphe chilolezo, tikawerenge kachitsulo ka mota ndi ka giyabokosi, ndipo tikafunse oyilo amene anathiramo komaliza ndi tsiku lake.