Kodi malilime ndi za mu ubongo chabe?

Zikomo mayi a ku Balaka chifukwa cha kalata yanu. Mwati mwana wanu wa ku koleji wakuuzani kuti malilime amene mumalankhula popemphera ndi zongochitika mu ubongo basi, ndiye mtima wanu sukukhazikika.

Mayi, mwanayo sananame, koma wathamanga nayo nkhaniyi. M'chaka cha 2006, dokotala Andrew Newberg wa pa yunivesite ya Pennsylvania ku America adatulutsa zimene adapeza atajambula ubongo wa amayi asanu akulankhula malilime. Mbali ya kuseri kwa chipumi, imene imatithandiza kulingalira ndi kudziletsa, inkagwira ntchito mocheperapo kusiyana ndi pamene amayi omwewo ankaimba nyimbo zauzimu. Mwina n'chifukwa chake olankhula malilime amati mawuwo amangotuluka okha. Chodabwitsa n'chakuti atajambula masisitere ndi Abuda akusinkhasinkha mwakachetechete, mbali yomweyo ndiyo inkatanganidwa kwambiri. Mapemphero osiyana, ubongonso mosiyana.

Tsono makina ojambulirawo amaonetsa kumene magazi akuthamangira, osati amene wayambitsa. Mukamadya nsima ya chambo ubongo umasinthanso, koma palibe anganene kuti chambocho kulibe. Za Mzimu Woyera makina sangatsimikize, sangatsutsenso. Mumuuze mwanayo choncho, mofatsa.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni: wina akamagwa m'tchalitchi, thupi kuuma, kutulutsa thovu, podzuka osakumbukira kanthu, mupite naye kuchipatala. Likhoza kukhala khunyu, ndipo mankhwala ake alipo.