Phunziro 1: Sukulu Yatsegulidwa

Ndi mwezi wa Febuluwale. Mvula ikugwa pa phiri la Tumbine, ku Milange. Aphunzitsi alawira m'mamawa. Asesetsa m'kalasi, alemba maina a ana, agawa mabuku ndi mapensulo. Ana ndi ambiri, mipando ndi yocepa. Ena akhala pa mphasa.

Pakhomo paima kamtsikana, kakulira.

"Walira ciani, mwanawe?"

"Aphunzitsi, ine Cipwitikizi sindicidziwa. Ndibwerere kumudzi?"

"Iyayi, lowa. Tiyamba kuwerenga ndi kulemba m'Cinyanja. Cipwitikizi tiphunzira pang'onopang'ono."

Kamtsikana kapukuta misozi, kalowa.

Mafunso

1. Nenani nchito zitatu zimene aphunzitsi agwira.
2. Kamtsikana kakulira cifukwa ciani?
3. Aphunzitsi akayankha bwanji?
4. Nanga inu, kwanu mumalankhula cilankhulo canji?